Nyumba Yodontha Pansi

Nyumba za anzanga zimadontha kudenga,
yanga imadontha pansi.
Ndisanasukusule, ndisanatchule dzina la Mulungu,
phazi limayamba latsika kukafunsa:
madzi akalekeza m'kakolo, usiku unali wabwino;
akafika pakatumba, pali thabwa layamba kunama.
Ndiye nditenge chigubu chodula pakamwa,
khuvu! khuvu!
kubweza madzi a Chia kwa eni ake.

Ndimagona pano, pakhwawa lopapatiza ili,
kumunsi kwa mlatho, boti litamangidwa kuchitsa,
chichokere chaka chija mvula inanyambita zidina zanga
n'kundisiyira chitseko chokha.
Chitsekocho ndi ichi, ndinachigoneka pamabenchi awiri,
ndiye bedi langa.
Kiyi wake ndikadali naye m'thumba.

Muno chilichonse chili ndi chingwe m'khosi:
mpeni, kapu, tochi, sopo wa m'kasokosi.
Ndinaphunzira mochedwa.
Pansi apa pali masupuni anga atatu
ndi wailesi imene inamira ikulengeza maliro.
Machesi amakhala m'botolo la mankhwala a chifuwa,
mchere umalira misozi ngakhale m'chilimwe,
mbaula ndimaikhazika m'beseni la mchenga,
poti khala limodzi likagwa pathabwa
ndipsa ndili pakati pa madzi,
anthu pamlatho adzaseka mpaka kugwira nthiti.

Mwezi ukaoneka timalikokera kumtunda ndi Twaibu,
kuligoneka cham'mbali ngati ng'ombe yodwala.
Timapala ndere ndi chikwanje chothyoka,
iye n'kumagogoda ndi hamala, khutu lili pafupi:
thabwa lamoyo limati ngo,
lofumbwa limangoti phu, ngati munthu wobisa mawu.
M'ming'alu timakhomera nsanza za bulangete,
phula likuwira m'chitini cha penti,
utsi wake wakuda kutsuka m'mphuno.
Misomali yadzimbiri timaizula ngati mano,
ina kuiwongola pamwala, kuibwezera pomwepo.
Twaibu amati boti ndi ngongole yoyandama.
Sindimutsutsa, ndimamulipira theka.

Namasupuni akabwera ndi mphepo ya mwera
khwawa lonse limasanduka dimba.
Injini imatsokomola, n'kukhala chete.
Ndimavula malaya, kulowa mpaka m'chifuwa,
kumasula mizu yakulunga chopalasira,
mnyamata wanga Jawadu akumenya madzi ndi nkhafi
kuti mwini dziwe, wa mano uja, adziwe tilipo ambiri.
Tilipo awiri basi.

Usiku malole a nzimbe akamadutsa pamlatho
lona wa padenga amanjenjemera,
udzudzu umayimba kunja kwa neti,
wina umodzi, wochenjera, m'kati.
Kasola kanga kamatha mphamvu isanakwane naini.
Ndimamvera madontho m'mdima, kuwawerenga,
ndimadziwa lililonse pomwe likulowera
monga mayi adziwa chifuwa cha mwana wake.

Anabwera wakalembera, buku lili m'khwapa,
nsapato atanyamula m'manja.
Akuti, nyumba yanu ndi ya malata kapena ya udzu?
Ndinati ya lona.
Pansi pake ndi simenti kapena dothi?
Ndinati bwana, pansi pake ndi nsomba.
Sindikudziwa chomwe analemba.

Mwanaisha anakana, ali kwa mchemwali wake kuboma.
Akuti sangagone pachinthu chosadziwa kukhala phee.
Amabwera Lamulungu ndi chinangwa chophika,
amakhala pachitsa, mapazi pouma,
kundifunsa za njerwa.
Ndimati zatsala pang'ono,
matumba a mpunga ndikuwolotsa tsiku ndi tsiku.
Sindimuuza kuti ndalama ya njerwa yadyedwa ndi phula,
kapena kuti ndikaponda kumsika
nthaka ndi imene imandigwedeza,
ndimayenda tang'atang'a ngati woledzera
mpaka nditabwerera pathabwa langa.

Iye akakwera minibasi, ndimatsuka mbale,
kuimangirira kuchingwe chake.
Phazi litsikenso.
Afika kale m'kakolo.
Chigubu chija chili kuti, Jawadu?